Gologolo ndi Chithunzi cha Chizenga

Padangokhala, ndipo amene muli nane khalani nane. Tsiku lina m'masika Gologolo anaona kanthu kamene nyama zina zonse sizinakaone. Chizenga, nkhunzi yaikulu ya mphalapala, ankadutsa pansi pa mkuyu wa pachitsime akutafuna udzu. Atafika pamene panapachikidwa chithunzi cha nkhunzi inzake, nsagwada zake zinaima. Sanatembenuke, sanakweze mutu. Udzu unangolendewera pakamwa kanthawi, kenaka anayambiranso kutafuna n'kumapita. Gologolo anali panthambi. Sananene kanthu kwa aliyense, anangokasunga mumtima.

Masiku amenewo m'tchire monse munali makamera awiri okha. Anagwa m'galimoto ya alendo odzaona nyama, ndipo woyamba kuwaona anali Gologolo. Koma miyendo ya Gologolo ndi yaifupi. Pamene ankafika pamsewu, Pusi anali atakoleka kale m'khosi kamera yaikulu, ya mphuno yaitali yokoka zinthu zakutali. Anamusiyira kakang'ono kothetheka pakona, kamene kankaona bwino zapafupi zokha.

"Aliyense ndi saizi yake, mlongo," anatero Pusi.

Gologolo anathokoza, popeza anali wamanyazi. Koma mawu amenewo sanawaiwale.

Tsono mphalapala zinali ndi mwambo wake. Masika akafika, makosi a nkhunzi ankatupa, maso n'kufiira, ndipo zinkayamba kulimbirana akazi. Nyengo imeneyo akazi ankasankha nkhunzi imodzi yoti chithunzi chake chipachikidwe pamkuyu, n'kuiimbira nyimbo. Woyambitsa nyimboyo anali Anankhoma, mayi wamkulu wa gulu. Ankaiyamba chapansipansi, ngati akudziimbira okha, anzawo n'kuvomera akuponda pansi kawiri. Inkatamanda nyanga, inkatamanda khosi, inkatamanda mayendedwe. Pamapeto pake onse ankakhala chete kamphindi, kenaka n'kutchula dzina la wojambula, kulikoka motalika mpaka mpweya kuwathera.

Zaka zitatu zotsatizana dzina lokokedwalo linali la Pusi.

Ntchito ya Pusi sinali yovuta. Makala, kapitawo wa nkhunzi zazing'ono amene akazi ankamusankha chaka ndi chaka, ankasamba, kudzinyambita mpaka ubweya kuchita phuliphuli, n'kukaima pamene Pusi wamuuza.

"Kwezani chibwano, bwana. Eya! Mwendo wakutsogolo uwo. Aaa, koma inu, mukufuna kupha akazi onse?"

Gologolo ankajambula mwamtundu wina. Ankadziwa kumene mphepo ikuchokera, ankadziwa kugona pamimba tsiku lonse osagwedeza mchira. Anali ndi zithunzi za nkhunzi zikupalasa pansi, zikuthyola zitsamba ndi nyanga, zikununkhiza mapazi a akazi. Katumbu, amene ankatsuka zithunzi kumtsinje, ankaziyang'ana nthawi yaitali n'kupukusa mutu.

"Izi ndiye zithunzi, mwana iwe. Bwanji osazionetsa?"

"Palibe wandifunsa," ankayankha Gologolo, n'kukazipachika m'mphako mwake.

Chaka chimenecho Anankhoma anaitanitsa onse pachitsime.

"Nkhope ya a Makala taionera mokwanira," anatero. "Ngakhale titatsinzina tikhoza kuijambula tokha. Chaka chino tikufuna a Chizenga. Osati msana, osati chammbali. Nkhope, maso onse awiri akutiyang'ana. Amene abweretse chithunzi chimenecho, dzina lake ndilo tikoke."

Chizenga anali nduna yaikulu ya mphalapala, ndipo chibadwire sanajambulidwepo. Ankadya yekha, ankamwa madzi yekha. Zinkamveka kuti anabayapo mkango, ndipo m'masika ngakhale njati zinkamupatukira.

Pusi anaseka. "Mayi, yambani kuphunzira nyimbo. Dzina mukulidziwa kale."

Gologolo anathamangira kumtsinje. Katumbu anatenga kakamerako, n'kukatembenuza, n'kuyang'ana pakawindo kake.

"Filimu yako yatsala malo atatu," anatero. "Ndipo ina ndilibe. Ukadina katatu, basi, kamera iyi isanduka mpando."

"Katatu n'kokwanira," anatero Gologolo, ngakhale mtima wake sunavomereze.

Ulendo woyamba anakwera mumtengo. Anali ataona kuti m'mawa uliwonse Chizenga amapita pa kamtengo kena kukakwapula nthambi ndi nyanga, kuti nkhunzi zina zidziwe mwini malo. Gologolo anakhala pamphanda, kamera pachifuwa, n'kudikira. Dzuwa litakwera pang'ono, Chizenga anatulukira. Anafwenthera kamodzi, n'kulowetsa nyanga m'nthambi. Kamtengo konse kanayamba kuvina. Gologolo anagwira nthambi ndi mchira ndi mano, masamba akumuwaza kumaso, ndipo chala chinadina chokha.

Katumbu atatsuka, anachitembenuza uku ndi uku.

"Ichi ndi chiyani? Mwala?"

"Msana."

"Ooh. Msana wabwino ndithu."

Madzulo ake akazi anali pachitsime kuphunzira nyimbo. Anankhoma anaiyamba chapansipansi, anzawo anavomera, ziboda zinaponda kawiri. Atafika pa dzina la wojambula anangong'ung'udza, popeza malowo anali opanda mwini.

Pusi anali atakhala pamuzu wa mkuyu akusenda masuku. "Ukumva, mlongo? Malo amenewo anawayeza pa dzina langa. Lako n'lalitali, angatsamwe nalo."

Ulendo wachiwiri Gologolo anatsika pansi. Anadzipaka matope thupi lonse kuti fungo lake lisamveke, n'kukagona muudzu pafupi ndi pamene Chizenga ankapalasa. Anasankha mbali imene mphepo inkamuomba kumaso. Nyerere zinamuyenda pamsana, sanagwedezeke. Dzuwa linamuotcha, matope anauma n'kuyamba kumukoka ubweya, sanagwedezeke.

Chizenga anabwera. Anaima pafupi kwambiri moti Gologolo ankamva m'mimba mwake mukulira. Koma atayang'ana m'kamera anaona mawondo, chifuwa, ndi kunsi kwa chibwano. Nkhope inali kutali m'mwamba. Anadikira kuti mwina aweramitsa mutu. Mutu unayamba kutsika pang'onopang'ono, mphuno inaoneka, diso limodzi linaoneka.

Pomwepo khoko la suku linagwa kuchokera mumtengo wa kumbuyo, thi!

Chizenga anatembenuka ngati kamvuluvulu, ndipo chala cha Gologolo chinali chitadina kale.

"Uwu ndi mchira," anatero Katumbu atatsuka. "Pano sindikufunsanso."

Mumtengomo munali Pusi. Anali atamutsatira Gologolo kuyambira m'mawa, popeza iye sankadziwa kumene Chizenga amayenda. Khoko litagwa ndipo Chizenga atatembenuka, Pusi anadina, n'kupeza nkhope ya chammbali, diso limodzi likuoneka bwinobwino.

Akazi anachizungulira chithunzicho pachitsime.

"Diso limodzi," anatero Anankhoma. "Tinati awiri."

"Linalo libwera mawa, mayi. Sindingawabweretse onse tsiku limodzi, mungakomoke."

Atsikana a mphalapala anaseka. Nyimbo itayamba, ziboda zitaponda kawiri, ena mwa iwo sanang'ung'udzenso pamalo opanda mwini paja. Anayesa kuikapo dzina la Pusi, motsitsa, akuyang'anana.

Gologolo anali chapatali ndi Katumbu, matope akadali m'makutu, akudya mtedza.

"Nanga wasiyiranji kutafuna?" anafunsa Katumbu.

"Ndasiya?"

"Mtedza uli m'manja, pakamwa pali pululu. Umatero nthawi zonse akatchula Pusi. Chaka chatha unatero, dzana unatero."

Gologolo anayang'ana mtedzawo. Kenaka anakweza maso n'kuyang'ana chithunzi cha Makala chili pamkuyu, chachikulu ngati chitseko, khosi lonyezimira, chibwano m'mwamba. Anakumbukira udzu uja ukulendewera pakamwa pa Chizenga.

"A Katumbu, nkhunzi ya mphalapala imatsitsa nkhope pansi nthawi yanji?"

"Ikamamwa madzi."

"Pamenepo imayang'ana madzi. Ndikunena itatsitsa nkhope, maso ali kutsogolo."

Katumbu anakanda ndevu. "Pomenyana basi. Mphalapala zimamenyana chogwada, aliyense amadziwa. Koma ndani angaime pamaso pa a Chizenga? Makala akangomva fungo lawo amakumbukira kuti ali ndi ulendo."

"Makala wa ubweya amathawa," anatero Gologolo. "Wa pepala sathawa."

Katumbu anamuyang'ana, n'kuyang'ana pamkuyu. "Chithunzi chija sachitsitsa wina koma amene anachijambula. Ndiwo mwambo."

"Ndikudziwa," anatero Gologolo, n'kumaliza mtedza wake.

M'mawa mwake anapita kwa Pusi mchira uli pansi. Anamupeza akupukuta galasi la kamera ndi tsamba.

"Achimwene, ine ndagonja."

"Mochedwa, koma zikomo."

"Ndangoti ndikuuzeni kanthu, poti ine sikandithandizanso. Tsiku lina ndinawaona a Chizenga akudutsa pamkuyu. Atafika pa chithunzi chanu chija, anasiya kutafuna."

Pusi anasiya kupukuta. "Anasiya kutafuna?"

"Udzu unachita kulendewera. Ndinaona ndi maso angawa."

"Chinawagwira mtima!"

"Chinawagwira kwambiri. Koma mukuwadziwa akuluakulu. Sangaime pamaso pa akazi n'kumayang'anitsitsa chithunzi cha mnyamata. Bwanji muwapititsire kwaokha, achione bwinobwino, popanda wowaseka."

Pusi anadumphira panthambi ina n'kubwereranso. "Akachiona adzandipempha okha! Adzati, Pusi mwana wanga, nanenso undijambule chonchi. Mlongo, mutu wakowu ndi waung'ono koma muli kanthu."

"Ndikuthandizani kunyamula. Inu mukadzamaimbidwa, mudzangokumbukira kuti ndinagwirako pakona."

"Ndidzakukumbukira mumtima," anatero Pusi. "M'nyimbo malo ndi amodzi."

Anatsitsa chithunzicho Anankhoma akuyang'ana, Pusi n'kunena kuti akukachipukuta fumbi. Ananyamula awiri, Pusi kutsogolo, Gologolo kumbuyo akukokeka. Malo anasankha ndi Gologolo: chulu chimene chinali m'mphepete mwa bwalo la Chizenga, chokhala ndi una wakale kunsi kwake.

"Apa dzuwa likhala kumbuyo kwathu," anatero. "Liziwala pankhope pawo."

"Zimenezo ndimazidziwa," anatero Pusi, amene sanaziganizire.

Anatsamiritsa chithunzicho pachulu, n'kutseka una uja. Makala wa pepala anaima chilili, chibwano m'mwamba, pakati pa bwalo la mwini wake.

"Inu khalani pamwamba pa chulu, achimwene, kuti adziwe mwini ntchito."

"Nanga iwe?"

"Ine ndibisala kuseriku. Matope adzulo sanachoke, ndingakuchititseni manyazi."

Pusi anakwera, n'kuyamba kudzipesa ubweya wa pamasaya. Gologolo analowa muuna chafutambuyo. Ndi mano ake akuthwa anaboola pepala pakati pa miyendo ya Makala, kabowo kongokwana diso la kamera. Anagona pamimba, chala pamwamba pa batani, n'kudziuza kuti chala chimenecho lero chisadine chokha.

Sanadikire nthawi yaitali. Chizenga anatulukira akutafuna. Anayenda masitepe atatu, n'kuima. Nsagwada zinaima. Ulendo uno udzu unagwa pansi.

"Wawa, nduna!" anafuula Pusi. "Ndakubweretserani kuti muone mwaufulu. Taonani khosi limenelo! Munaonapo khosi lotere m'tchire muno?"

Chizenga sanamuyang'ane n'komwe.

"Makala," anatero ndi mawu a m'chifuwa. "Wafika mpaka pabwalo panga?"

Makala wa pepala sanayankhe.

"Zaka zitatu ndakhala ndikudutsa pansi pako pachitsime. Zaka zitatu akazi akuimba khosi lako. Lero wabwera kudzandikwezera chibwano kwathu?"

"Chibwanocho ndinawauza ndine, nduna," anatero Pusi monyadira. "Inunso ndikhoza kukuuzani maimidwe."

Chizenga anapalasa pansi. Fumbi linakwera. Anayandikira, makutu ali kumbuyo, ubweya wa pakhosi utaima.

"Tsitsa mutu, mwana iwe."

Makala sanatsitse.

Apa Pusi anazindikira kuti nkhope ija ili kutsogolo kwake, maso onse awiri. Anakweza kamera msangamsanga. Koma kamera ya mphuno yaitali imafuna zakutali. Anayang'anamo n'kuona chikuda chokhachokha chopanda mutu kapena mchira. Anapotokola uku, anapotokola uko.

"Nduna, tabwererani m'mbuyo pang'ono! Masitepe makumi awiri okha!"

Chizenga anagwada.

Mawondo anagunda pansi, di! Una wonse unagwedezeka, dothi linagwera Gologolo m'makutu. Pakabowo paja panabwera mphuno yakuda ikutuluka thovu, mizere yoyera ya kumaso, ndi maso awiri ofiira. Pamwamba pake nyanga zinakhota mpaka kumsana. Gologolo sanadine. Anadikira. Mpweya wotentha unakankha pepala mpaka kumukhudza ndevu. Anadikirabe mpaka maso aja anadzaza galasi, ndipo anadina.

Kamera isanamalize n'komwe kulira, nyanga zinalowa m'pepala. Makala anang'ambika pakati, chulu chinagumuka pamwamba, ndipo Pusi anauluka. Anagwa chagada, n'kudzuka, n'kuliyatsa liwiro. Chibenthu cha chithunzi, chokhala ndi nkhope ya Makala, chinali chitamulowa kumchira, ndipo pothamanga nkhopeyo inkagwedezeka kumbuyo kwake ikuyang'ana Chizenga, chibwano chili m'mwamba.

"Ukundiyang'anabe?" anabangula Chizenga, n'kumutsatira.

Pusi sankadziwa njira ina koma ya kuchitsime. Anadutsa pakati pa akazi akumwa madzi, kamera ikumumenya pachifuwa, nkhope ya Makala ikuvina kumatako, akukuwa kuti, "Mayi, agwireni! Ndi pepala! Auzeni ndi pepala!" Anazungulira mkuyu kawiri asanakumbukire kuti iye ndi pusi ndipo akhoza kukwera.

Gologolo anatuluka muuna akutsokomola. Anapukuta kamera, n'kuikumbatira. Asanayende n'komwe, mthunzi unamuphimba. Chizenga anali atabwerera, tizidutswa ta pepala tili kunyanga, chifuwa chikukwera n'kutsika.

"Ndinamva kulira kwa kanthu pansi apa," anatero. "Kanthu kako."

Gologolo anafuna kunama, koma lilime linakana. "Ndi ine, nduna."

Chiboda chinakwera, n'kuima pamwamba pa kamera.

"Wandigwaditsa pamaso pa pepala. Ine. Anakuuza ndani kuti ndigwada?"

"Palibe."

"Usandinamize. Sindinauzepo aliyense za Makala. Ngakhale mthunzi wanga sudziwa."

"Ndinakuonani pamkuyu," anatero Gologolo, mawu akutuluka pang'onopang'ono. "Munasiya kutafuna."

"Ndiye?"

"Nanenso ndimasiya, nduna. Akamakoka dzina la Pusi."

Chizenga anamuyang'ana nthawi yaitali. Chiboda chinali chikadali m'mwamba.

"Zaka zingati?" anafunsa Chizenga.

"Zitatu."

"Hmm." Chiboda chinatsika, n'kuponda pambali. Chizenga anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina womvetsera, n'kutsitsa mawu. "M'kanthu kakomo, khosi laoneka bwanji?"

"Lalikulu."

"Kuposa la uja?"

"Kuposa, nduna. Silinakwanemo lonse."

Chizenga anagwedeza mutu, tizipepala tinagwa. "Pita. Koma za kutafunazo zithere pompano."

"Zathera pompano."

Katumbu anatsuka chithunzicho mosamala ngati akusambitsa khanda. Nkhope itayamba kutuluka m'madzi, anabwerera m'mbuyo mpaka kugwera mumtsinje.

"Mayo! Chikundiyang'ana!"

Anachikulitsa kuposa cha Makala. Dzuwa likupendeka, anachinyamula awiri kupita nacho pachitsime, n'kuchipachika pamkuyu pomwe panali cha Makala. Akazi anasonkhana. Mwana wina wa mphalapala anabisala kuseri kwa amake.

"Awiri," anatero Anankhoma potsiriza. "Maso onse awiri. Wajambula ndani?"

Gologolo anayamba kubwerera m'mbuyo. Katumbu anamukankhira kutsogolo.

Anankhoma anaiyamba nyimbo chapansipansi. Anzawo anavomera, ziboda zinaponda kawiri. Inatamanda nyanga zofika kumsana, inatamanda khosi losakwana m'pepala, inatamanda maso. Chapatali, kuseri kwa zitsamba, Chizenga ankadya udzu ngati sakumva, koma makutu onse awiri anali ataloza kuchitsime. Kenaka onse anakhala chete kamphindi, n'kutchula dzina la Gologolo. Analikoka, analikoka, ndipo palibe anatsamwa. Gologolo anatsinzina. Ubweya wonse unamuima. Anaganiza kuti tsopano chimene chinkamuluma m'chifuwa zaka zitatu chija chatuluka.

Mpweya utawathera, kunamveka kuseka. Anali mtsikana wina wa mphalapala, mmodzi mwa aja ankayesa dzina la Pusi. Anayamba kandime kake, kofulumira, kosimba za wojambula amene anadutsa pachitsime ndi nkhope ziwiri, ina kutsogolo ikulira, ina kumbuyo ikunyada. Povomera pake panali kukuwa kuja kopempha amayi kuti agwire nduna, ndipo m'malo moponda kawiri, ankagwedeza kumbuyo.

Chitsime chonse chinagwa nacho chiseko. Anankhoma anayesa kukalipa, koma nawonso misozi inali ikutsika.

"Bwerezani! Bwerezani!"

Anabwereza. Njiri zinabwera, mbawala zinabwera. Pusi, amene anali atabisala pamwamba pa mkuyu chifikireni, anasuzumira. Anamva dzina lake kamodzi, kawiri, kasanu. Anatsika nthambi imodzi. Anatsikanso ina. Kenaka anadumphira pakati pa bwalo, n'kutola chibenthu chija, n'kuchibwezera yekha kumchira, n'kuyamba kuthamanga mozungulira mkuyu akukuwa monga anakuwira masana.

Nyama zinagubuduka pansi.

"Nyimbo ya a Chizenga ija tiimbenso," anatero Katumbu mokweza. Palibe anamumva.

Pusi anadutsa pafupi ndi Gologolo akupuma wefuwefu, nkhope ili mwee.

"Mlongo, wandipangira zabwino! Zaka zonsezi ankanditchula kamodzi pamapeto. Lero nyimbo yonse ndi yanga!"

Anaimba kandimeko mpaka dzuwa kulowa. Gologolo anapita kwawo kusanade.

M'mawa mwake anadzuka molawirira n'kupita pamkuyu ndi mtedza wake. Chithunzi chinali pomwepo, mame ali m'mphepete. Anachipukuta ndi mchira, n'kuwongola kona imene inapindika. Kamera anali ataisiya kumphako, popeza filimu inali itatha. Anakwera panthambi yake n'kuyamba kudya.

Chizenga anabwera kudzamwa madzi. Anadutsa pansi pa chithunzicho akutafuna, ndipo nsagwada zake sizinaime. Anamwa, n'kukweza maso kunthambi, n'kugwedeza mutu kamodzi, n'kumapita.

Kenaka kunabwera ana a mphalapala atatu. Anaima pachithunzi, wina n'kufunsa kuti anajambula ndani. Mnzake anati ndi Gologolo, ndipo anatchula bwino dzinalo. Atamwa madzi ananyamuka akudumphadumpha, akuimba kandime ka Pusi, akugwedeza kumbuyo.

Gologolo anaima njo, mtedza uli m'manja, pakamwa pali pululu. Anakhala choncho mpaka nyimboyo inazimirira. Kenaka anayang'ana uku ndi uku ngati wina wamuona, n'kuyambiranso kutafuna.

Nthano yanga yathera pomwepa.